Madigiri ochepa pansonga ya mpeni: chimene chimalimbitsa kapena kuwononga ntchito ya pa lathe

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsala pang'ono kutsegulidwa, makina onse a m'chigwa cha Kasungu amakhala pa kalikiliki. Majeke amadinda mabelo usana ndi usiku, ngolo zimatuta fodya kuchokera m'zigafa, mathirakitala a m'maesiteti sazima, ndipo zigayo zimalira mpaka madzulo chifukwa chimanga chatsopano chimakhala chayamba kulowa m'nkhokwe. Iyi ndiyo nyengonso imene zitsulo zotopa zimathyoka. Mazinga a jeke amaphwanyika belo lili pakati, shafiti ya chigayo imadyeka pokhala beling'i, ndipo ekiselo ya ngolo imayamba kugwedera.

Kale mwini makina ankangokwera basi kupita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130, n'kukagula chipangizo chatsopano. Lero zinthu zinasintha. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kwachititsa kuti zipangizo zambiri zikwere mtengo kapena zisapezeke n'komwe. N'chifukwa chake anthu ambiri tsopano amanyamula chitsulo chothyokacho kupita nacho kwa mmisiri wa makina osemera zitsulo, otchedwa lathe, kuti akachikonze kapena akaseme china chofanana nacho.

Eni makina ambiri amadabwa ndi zotsatira zake. Shafiti imene wasema mmisiri wina imatha zaka zingapo, pamene ya mmisiri wina imadya beling'i m'masabata owerengeka, chonsecho chitsulo n'chimodzimodzi ndipo mtengo unali wofanana. Nthawi zambiri kusiyanaku kumayambira pa malo aang'ono kuposa chikhadabo: pansonga ya mpeni wosemera, pamene madigiri asanu okha amatha kulekanitsa ntchito yolimba ndi yongotayitsa ndalama.

Mmene lathe imagwirira ntchito

Mmisiri wa matabwa akamapala thabwa, thabwalo limakhala chete ndipo iye ndiye amayendetsa chopalira. Pa lathe n'zosiyana. Chitsulo chimene chikusemedwa ndicho chimazungulira, chitagwidwa ndi chibwano chachitsulo chotchedwa chuck, pamene mpeni umakhala womangidwa zolimba pa kangolo koyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa chitsulocho. Mpeniwo umasenda chitsulo monga mmene munthu amasendera mbatata, mpaka chitafika pa muyeso wofunika.

Muyeso umenewu si wongoyerekeza ndi maso. Beling'i ya nambala 6205, imene imapezeka kwambiri m'makina ang'onoang'ono, ili ndi bowo la mamilimita 25. Kuti igwire bwino, shafiti iyenera kufanana ndi bowolo kapena kulipitirira ndi kagawo kamodzi mwa magawo 100 a milimita. Tsitsi la munthu ndi lonenepa kangapo kuposa kagawo kameneka. Shafiti ikachepa pang'ono, beling'i imazungulira pa shafitiyo m'malo mozungulira mkati mwake, ndipo ziwirizi zimadyana. Ikakula mopitirira, beling'i imalowa mokakamiza, imatentha ndipo imafa msanga. Pa chigayo, chimene nyundo zake zimazungulira maulendo pafupifupi 3,000 pa mphindi, kulakwitsa kotereku kumaonekera posachedwa.

Mpeni wonoledwa molakwika sungafikitse ntchito pa muyeso wotere. Umakankha chitsulo m'malo mochidula, umanjenjemera, umatentha, ndipo umasiya timizere tokhakhala.

Phunziro la lumo ndi nkhwangwa

Aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa kuti lumo silidula mtengo ndipo nkhwangwa siimeta ndevu. Lumo ndi lakuthwa kwambiri chifukwa mlomo wake ndi wopyapyala, koma kupyapyalako kumalichititsa kubenthuka likakumana ndi chinthu cholimba. Nkhwangwa ili ndi mlomo wonenepa, umene umapirira kumenyedwa pa mtengo wa muwanga, koma imafuna mphamvu zambiri kuti ilowe. Mpeni wa lathe uli pakati pa ziwirizi, ndipo luso la mmisiri ndi kudziwa pamene auimike.

Nsonga ya mpeniwu ili ndi ngodya zitatu zimene zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 90. Yoyamba ndi ya pamsana, imene amisiri amaitchula kuti rake. Uku ndi kutsetsereka kwa nkhope yapamwamba ya mpeni, pamene nyenyeswa za chitsulo zimadutsa zikamachoka. Msana ukatsetsereka kwambiri, mpeni umadula mofewa, makina salemedwa ndipo kutentha kumachepa.

Yachiwiri ndi ya mpata, imene amaitchula kuti clearance. Uwu ndi mpata umene umasiyidwa kunsi kwa nsonga kuti chidendene cha mpeni chisakhudze chitsulo chozunguliracho. Mpata ukachepa, mpeni umakhula chitsulo osachidula, ndipo umalira mokwiyitsa. Ukachuluka, nsonga imatsala yopanda chochirikiza ndipo imabenthuka. Pa mipeni yambiri ya chitsulo cholimba chotchedwa HSS, mpatawu umakhala pakati pa madigiri 8 ndi 10.

Yachitatu ndi imene imatsala pakati pa ziwirizo, ndipo ndiyo thupi lenileni la nsonga. Mmisiri akapereka madigiri 15 ku msana ndi 8 ku mpata, thupi limatsala ndi madigiri 67. Digiri iliyonse imene wawonjezera ku msana kapena ku mpata waichotsa ku thupi. Choncho kuthwa kumagulidwa ndi kulimba, ndipo kulimba kumagulidwa ndi kuthwa. Thupi lonenepa lilinso ndi ubwino wina: limamwa kutentha n'kukupititsa kutali ndi nsonga.

Chitsulo chilichonse ndi ngodya yake

Vuto lofala m'mashopu ang'onoang'ono ndi kugwiritsa ntchito mpeni umodzi pa chitsulo chilichonse chimene chabwera. Komatu zitsulo sizifanana khalidwe.

Chitsulo wamba chofewerapo, chimene amapangira mashafiti ambiri ndi mabawuti, chimasemeka bwino msana wa mpeni ukatsetsereka madigiri apakati pa 12 ndi 18. Nyenyeswa zake zimatuluka zazitali, zopotana ngati sipuling'i. Aluminiyamu ndi wofewa komanso womata, choncho amafuna mpeni wakuthwa zedi, wa madigiri 20 mpaka 35, ndipo msana wake uyenera kukhala wosalala kuti nyenyeswa zisakanirire pansonga.

Chitsulo cha cast iron, chimene amaumbira mapule ndi madiramu a mabuleki, n'chophwanyika. Nyenyeswa zake zimatuluka ngati fumbi lotuwa, ndipo khungu lake limakhala lolimba, nthawi zina muli timchenga totsalira kuchokera m'chikombole. Chimafuna nsonga yolimba, ya msana wa madigiri apakati pa 5 ndi 12, ndipo amisiri amayamba ndi kudula mozama kuti nsonga ipite kunsi kwa khungulo m'malo mokhula pamwamba pake.

Mkuwa wachikasu, uja amasemera mabushi ndi zipangizo za mipopi, ndiwo umapusitsa ophunzira. Popeza ndi wofewa, munthu angaganize kuti ukufuna mpeni wakuthwa ngati wa aluminiyamu. Zoona zake n'zakuti mpeni wa msana wotsetsereka umakokedwa ndi mkuwawo n'kuzama wokha, ndipo ukhoza kuzula chinthucho m'chibwano cha makina. Mkuwa wachikasu umasemedwa ndi mpeni wa msana wafulati, wopanda kutsetsereka kulikonse.

Pali ntchito ina imene imabwera kawirikawiri m'madera a ulimi. Shafiti ikadyeka, owotcherera amadzaza malo odyekawo ndi ndodo zowotcherera, kenako mmisiri wa lathe amasema kuti abwezeretse muyeso wakale. Malo owotchererawo amakhala a mabampu, ndipo mbali zina zimalimba kuposa zinzake. Mpeni umamenyedwa ulendo uliwonse pamene chitsulo chazungulira. Apa pamafunika nkhwangwa osati lumo: msana wochepa, nsonga yoburungika pang'ono ndi liwiro lotsika. Mmisiri wosamala amayambanso waona ngati moto wowotcherera sunapinde shafitiyo, chifukwa kusema bwino malo a beling'i pa shafiti yokhota n'kutaya nthawi.

Msinkhu wa mpeni umasintha zonse

Mpeni ukhoza kunoledwa bwinobwino koma n'kulephera ntchito chifukwa cha mmene waikidwira. Nsonga yake iyenera kukhala pa msinkhu wofanana ndendende ndi mtima wa chitsulo chozunguliracho. Ikakwera pamwamba pa mtimawo, mpata wa kunsi umachepa ndipo chidendene chimayamba kukhula. Ikatsika, kutsetsereka kwa msana kumachepa, ndipo chitsulo chopyapyala chimafuna kukwera pamwamba pa mpeni.

Masamu ake ndi osavuta koma ndi odabwitsa. Pa shafiti ya mamilimita 100 m'mimba mwake, kukweza nsonga ndi milimita imodzi kumasintha ngodya ndi digiri imodzi yokha. Pa ndodo ya mamilimita 20, milimita imodzi yomweyo imasintha ngodya ndi madigiri pafupifupi 6. Ngati mpata unali wa madigiri 8, ndiye kuti watsala wa madigiri 2 okha. N'chifukwa chake zinthu zing'onozing'ono, monga mapini ndi ndodo za mijigo, zimavuta kusema kuposa zikuluzikulu.

Amisiri ali ndi njira yachidule yoyesera msinkhu. Makina atazimitsidwa, amapanikiza pang'ono karula kachitsulo pakati pa nsonga ya mpeni ndi mbali ya chitsulo chozungulira. Karulako kakaima chilili, msinkhu uli bwino. Mutu wake ukapendekera kutali ndi mmisiri, mpeni wakwera. Ukapendekera kwa iye, mpeni watsika. Amakonza poika kapena kuchotsa timalata topyapyala kunsi kwa mpeni.

Palinso ngodya imene mpeni umayang'anirana ndi chitsulo. Mlomo wa mpeni ukaima mopingasa ndendende, mphamvu yodulira imayenda motsatira utali wa shafiti, ndipo shafitiyo sipindika. Mlomo ukapendekeka madigiri 45, nyenyeswa zimapyapyala ndipo mpeni umakhalitsa, koma gawo lina la mphamvu limakankhira shafiti kumbali. Pa shafiti yonenepa zimenezi sizivuta. Pa ndodo yaitali yowonda, pakati pamathawa mpeni, ndipo ndodoyo imatuluka yonenepa pakati, yowonda kumapeto. Lamulo la amisiri ndi lakuti chitsulo chikatuluka m'chibwano kupitirira katatu kapena kanayi kunenepa kwake, chichirikizidwe kumapeto kwinako.

Liwiro, kutentha ndi moyo wa mpeni

Ngodya yabwino imawonongeka msanga ngati makina akuthamanga mopitirira. Chofunika si kuchuluka kwa maulendo ozungulira pakokha, koma utali wa chitsulo chimene chimadutsa pansonga ya mpeni pa mphindi imodzi. Pa chitsulo wamba ndi mpeni wa HSS, utali woyenera ndi mamita apakati pa 25 ndi 30 pa mphindi. Shafiti ya mamilimita 50 imakwanitsa mamita 30 ikamazungulira maulendo pafupifupi 190 pa mphindi, pamene ndodo ya mamilimita 20 imafuna maulendo pafupifupi 480. Chitsulo chikakula, makina ayenera kuyenda pang'onopang'ono.

Munthu amene anafufuza zimenezi mozama ndi Frederick Winslow Taylor wa ku America. Anayamba mu 1880 pa fakitale ya Midvale Steel ku Philadelphia, ndipo atatha zaka 26 akuyesa ngodya, liwiro ndi kuzama kwa kadulidwe, anafalitsa zotsatira zake mu 1906. Anapeza kuti liwiro ndilo limafupikitsa moyo wa mpeni kuposa china chilichonse. Malinga ndi masamu amene anasiya, kuwonjezera liwiro ndi 20 peresenti pa mpeni wa HSS kumachititsa kuti ubunthe m'gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi imene ukanakhala. Mmisiri wothamangira kumaliza ntchito magetsi asanazime amataya nthawi yochuluka pa mwala wonolera kuposa imene wapulumutsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Taylor yemweyo, pamodzi ndi Maunsel White, ndi amene anapeza njira yolimbitsira chitsulo cha mipeni kuti chizidula ngakhale chitatentha kwambiri, ndipo anaonetsa mipeni yotere pa chionetsero cha ku Paris mu 1900. HSS imasunga kulimba kwake mpaka kutentha kwa madigiri pafupifupi 600. Mpeni wosulidwa kuchokera ku fayilo yakale, monga amachitira ena akasowa HSS, umafewa kutentha kukangopitirira madigiri 200, choncho umafuna liwiro lotsika kwambiri.

M'zaka za m'ma 1920 kampani ya Krupp ya ku Germany inayamba kugulitsa nsonga za carbide, zimene zimalola liwiro loposa la HSS katatu kapena kanayi. Komabe carbide ndi yophwanyika, ndipo nsonga zambiri zamtunduwu zimapangidwa ndi msana wafulati kapena wopendekera chakumbuyo kuti zilimbe. Zimafuna makina amphamvu, osagwedera. Pa lathe yakale yodyeka njanji, carbide imanjenjemera n'kubenthuka, pamene HSS yonoledwa bwino imagwira ntchito yosalala. HSS ilinso ndi ubwino woti mmisiri amainola yekha maulendo ambirimbiri, pamene nsonga za carbide zimagulidwa kunja.

Mtundu wa nyenyeswa umauza mmisiri zimene zikuchitika. Pa mpeni wa HSS, nyenyeswa zowala kapena zachikasu pang'ono zimasonyeza kuti zonse zili bwino, koma zikasanduka zobiriwira ngati thambo ndiye kuti kutentha kwafika madigiri pafupifupi 300 ndipo liwiro liyenera kutsitsidwa. Pa carbide, mtundu umenewu si vuto.

Mazinga: 55, 60 kapena 30

Palibe pamene ngodya imaonekera poyera kuposa posema mazinga. Apa nsonga ya mpeni iyenera kufanana ndendende ndi mpata wa pakati pa mazingawo.

Mabawuti a masiku ano, a muyeso wa mamilimita, ali ndi mazinga a madigiri 60. Koma m'Malawi mudakali makina ambiri a ku Britain a zaka za m'mbuyomu, monga injini zakale za Lister, amene mazinga ake ndi a muyeso wa Whitworth wa madigiri 55. Mapaipi achitsulo a madzi nawonso amatsatira madigiri 55 mpaka lero. Bawuti la M12 ndi bawuti la Whitworth la theka la inchi amaoneka ngati mapasa, koma loyambalo ndi lonenepa mamilimita 12 ndipo mazinga ake atalikirana mamilimita 1.75, pamene lachiwirilo ndi la mamilimita 12.7 ndipo mazinga ake atalikirana mamilimita opitirira pang'ono 2.1. Nati ya linzake ikhoza kugwira ulendo umodzi kapena awiri, kenako n'kukana. Woikakamiza ndi sipanala amaphwanya zonse ziwiri.

Mazinga onyamula katundu wolemera, monga a majeke ambiri ndi a zopanira za pa benchi, amasiyana ndi a mabawuti. Amakhala onenepa, a mutu wafulati, ndipo ngodya yake ndi madigiri 29 pa muyeso wa Acme kapena 30 pa muyeso wa mamilimita. Ena akale ndi a makona anayi. Mazinga oterewa amakankha katundu molunjika, osafuna kung'amba nati. Jeke wodinda belo la makilogalamu pafupifupi 100 akasemeredwa mazinga osagwirizana ndi nati yake, kulemera konse kumagwera pa timalo tochepa, ndipo mazingawo amadyeka nyengo isanathe.

Luso lobadwira m'mafakitale a zida

Kusema zitsulo molondola chonchi kunakulira kwambiri m'mafakitale a zida zankhondo, chifukwa maboma ndiwo anali ndi ndalama zolipirira kulondolako. Mu 1774, John Wilkinson wa ku England analembetsa njira yoboolera mizinga kuchokera ku chitsulo chathunthu, pozunguza mzingawo m'malo mozunguza choboolera. Chaka chotsatira anapanga makina oboolera masilinda, ndipo makinawo ndi amene anathandiza James Watt kupeza masilinda osataya nthunzi a injini zake.

Henry Maudslay, amene anapanga lathe yodalirika yosemera mazinga cha m'ma 1800, anayamba ntchito ali mwana ku fakitale ya zida ya boma ku Woolwich. Joseph Whitworth anagwirapo ntchito m'shopu ya Maudslay, ndipo mu 1841 anapereka muyeso wa mazinga a madigiri 55 kuti bawuti lopangidwa ku fakitale ina lizilowa m'nati ya ku fakitale inzake. Pambuyo pake Whitworth anapanganso mfuti yotchuka ndi dzina lake. Ku America, William Sellers anapereka muyeso wa madigiri 60 mu 1864. Choncho ngodya zimene mmisiri wa ku Kasungu amanola lero zili ndi mbiri ya zaka pafupifupi 200, ndipo nzeru zimene zinayambira pa mizinga zinathera pa zigayo ndi mijigo.

M'dziko muno malire ake ndi omveka. Lamulo la zamfuti la 1967 limaletsa kupanga kapena kukhala ndi mfuti popanda chilolezo. Ku Kasungu nkhaniyi si yapatali, chifukwa mfuti zopanga pamanja, zodziwika kuti gogodela, zakhala zikugwiritsidwa ntchito ndi opha nyama mozemba m'nkhalango yotetezedwa ya Kasungu, kumene mu 2022 kunasamutsidwira njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Lamulo loteteza nyama zakutchire, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limapereka chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu. Mmisiri amene wavomera kusema kapena kukonza mpope wa mfuti yopanda chilolezo waika pachiswe shopu yake ndi ufulu wake, komanso moyo wa amene adzaiwombe, popeza mfuti zoterezi zimatha kuphulikira m'manja.

Zimene mwini katundu angaone yekha

Sikofunika kukhala mmisiri kuti munthu azindikire ntchito yabwino. Choyamba ndi nkhope ya chitsulo. Malo osemedwa bwino amakhala osalala, a timizere tofanana tosagwira chikhadabo. Timafunde tobwerezabwereza timasonyeza kuti mpeni unkanjenjemera. Nkhope yong'ambikang'ambika imasonyeza mpeni wobuntha kapena ngodya yolakwika. Kusalala kumadaliranso kayendedwe ka mpeni: kuchepetsa ndi theka mtunda umene mpeni umasuntha pa ulendo uliwonse kumachepetsa kukula kwa timizere kanayi.

Chachiwiri ndi pangodya pamene shafiti imachoka ponenepa kupita powonda. Pakasemedwa mosongoka ngati kona ya bokosi, mng'alu umayambira pomwepo, ndipo mashafiti ambiri amathyokera pamalo amenewa. Mmisiri wodziwa amasiya pamalopo poburungika pang'ono. Kuwala kokha si umboni wa ntchito yabwino, pakuti sandipepa amatha kuwalitsa shafiti imene muyeso wake ndi wolakwika. Paja chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Chachitatu ndi zida zoyezera. Malo a beling'i amayezedwa ndi micrometer, osati tepi kapena rula. N'kwanzeru kupita ndi beling'i yatsopano, nati kapena pule imene chitsulocho chikalowemo, komanso kuuza mmisiri ntchito imene chimagwira, kuti asankhe chitsulo choyenera.

Shopu yabwino imadziwikanso ndi mmene imasamalira anthu ake. Lathe siisiyanitsa chitsulo ndi mkono. Malaya olendewera, magolovesi ndi kiyi woiwalidwa pa chuck zavulaza amisiri ambiri padziko lonse. Nyenyeswa zazitali zimacheka ngati lumo ndipo sizichotsedwa ndi manja, ndipo maso amafuna magalasi otchinga, makamaka pa mwala wonolera.

Dera lodziwa chitsulo kuyambira kale

Kasungu si mlendo pa ntchito ya zitsulo. M'nkhalango yotetezedwa ya m'bomali mudakali ng'anjo zakale zimene makolo ankasungunuliramo miyala ya chitsulo chopangira makasu ndi nkhwangwa, ndipo m'zaka za m'ma 1980 akatswiri ofufuza zakale anakaphunzira luso limeneli kwa akuluakulu a m'dera la Chulu. M'boma lomweli, ku Wimbe, William Kamkwamba anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa ali ndi zaka 14. Dziko lino linathandizaponso pa chiyambi cha mjigo wa Afridev, umene unachokera ku pampu ya Maldev yopangidwa m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Chimene chikufunika ndi kulumikiza luso la manja limeneli ndi muyeso. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'makoleji monga a Lilongwe, Nasawa, Soche ndi Mzuzu, ndipo yunivesite ya MUBAS ku Blantyre imaphunzitsa mainjiniya a makina. Komabe achinyamata ambiri amaphunzirira m'mashopu, poonerera akuluakulu awo. Amatengera zabwino za mphunzitsi pamodzi ndi zolakwa zake, ndipo ngati mphunzitsiyo amanola mipeni yonse mofanana, wophunzirayo adzachitanso chimodzimodzi.

Zida zothetsera vutoli si zodula. Kalata kodulidwa pa ngodya yodziwika n'kokwanira kuyesera mpeni ponola. Tebulo la pa mwala wonolera likapendeketsedwa madigiri 8 n'kumangidwa, mpata wa mpeni uliwonse umatuluka wofanana. Mipeni itatu kapena inayi, uliwonse wa chitsulo chake, imaposa mpeni umodzi wonoledwa mobwerezabwereza. Pepala la ngodya ndi liwiro lomatidwa pakhoma pafupi ndi makina limathandiza wophunzira tsiku limene mphunzitsi wake palibe.

Fodya amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zimene dziko lino limapeza, ndipo gawo lina la ndalamazo limabwereranso kunja kukagula zipangizo za makina. Shafiti iliyonse yosemedwa kuno imene yatha nyengo zitatu m'malo mwa masabata atatu imasunga ndalama m'thumba la mlimi, ndipo imasunga mbiri ya mmisiri amene anainola mpeni wake asanayatse makina.